Mabiti Atatu a Ababa

Ababa ankadana ndi mapazi a anthu a kwaya. Pakamwa pa munthu ankati ukhoza kupaphunzitsa, khutu nalo limamva ukalikoka, koma phazi ndi louma mutu, lili ndi nzeru zakezake. Ndiye kwaya yathu ya tchalitchi cha pa esiteti inali yokhayo m'dera lonse lija yomwe nyimbo zina inkaimba itaima chilili, mapazi ataphatikizana ngati ana a sukulu pa asembule. Makwaya ena akamadzigwedeza uku ndi uku, ife tinkaoneka ngati tili pa chilango, ndipo anthu ankatiseka osabisa n'komwe.

Ntchito ya ababa inali ya ukalaliki pa sikelo. Othyola tiyi akabwera ndi madengu awo, iwo ankakoleka dengu, kudikira kuti muvi wa sikelo uleke kugwedera, n'kulemba. Dzuwa likapendeka anthu omwewo, zala zitada ndi utomoni wa masamba, msana ukuwawa, ankabweranso ku tchalitchi kuti ababa akawalalatire za manotsi. Mpaka lero sindimvetsa chomwe chinkawabweretsa. Ababa sanali munthu wophweka ayi. Ankakhoza kuimitsa nyimbo pakati chifukwa cha mayi mmodzi wa aluto amene wachedwa kutseka pakamwa, n'kumuyang'ana mpaka mayiyo kufuna kulowa pansi. Ine ndemwe, mwana wawo woyamba, ndinalirapo kangapo kuseri kwa tchalitchi, koma mawa lake ndinkapezekanso pa mzere wa sopulano.

Manotsi anawaphunzira ali mnyamata kwa mphunzitsi wina wokalamba wa ku mishoni amene ankaliza limba lija lopalasa ndi mapazi. Powaphunzitsa anthu a m'malaini, anthu ogona m'nyumba za kampani, ankayambira pa chimene ankachidziwa bwino, chomwe ndi kupanikizana. Ankajambula mizere isanu pa bolodi, n'kuidula ndi timizere toimirira, n'kunena kuti izi ndi zipinda. Kumayambiriro ankalemba manambala awiri osanjikizana. Yapamwamba, ankati, ikukuuzani kuti m'chipinda chilichonse mugona mabiti angati, ndiye kuti kugunda kungati. Yapansi ikukuuzani kuti ndi notsi ya mtundu wanji yomwe tikuiwerenga ngati biti imodzi. Notsi yakuda ya mwendo umodzi, kirotcheti, ndi munthu mmodzi pa mphasa yake. Yoyera m'mimba, minimu, imagona malo a anthu awiri, ndipo ikakhala ndi kadontho pambali yatenga malo a atatu, mwina chipinda chonse yokha ngati manijala. Kweva, ya kamchira ija, ndi mwana: awiri amakwana pa mphasa imodzi. Anthu ankaseka akamva zimenezi, koma iwo ayi, nkhope ili gwa, choko chili m'manja.

Nyimbo za mabiti anayi sizinkavuta. Zimenezo aliyense amabadwa nazo. Nkhondo inkabuka pa nyimbo za mabiti atatu, ndipo apa m'pamene pankalowera mapazi. Mu nyimbo iliyonse biti yoyamba m'chipinda ndiyo yolemera, ndiyo imagunda kwambiri. Mabiti akakhala anayi, yolemerayo imagwera phazi lomwelomwelo nthawi zonse, thupi n'kumamva bwino. Akakhala atatu, imagwera lamanzere, kenako lamanja, kenako lamanzere, ndipo thupi limaona ngati latsimphina. Ndiye munthu, osadziwa n'komwe, amakoka notsi yoyamba ija pang'ono kuti ikwane mapazi awiri, kirotcheti n'kusanduka minimu, m'chipinda cha atatu n'kulowa mlendo wachinayi. Ababa ankamumva mlendoyo asanagogode. Ankamenya benchi ndi chikhatho n'kulamula kuti aliyense ayang'ane dzanja lawo: pansi, kumbali, m'mwamba, pansi, kumbali, m'mwamba. Anthu akaleka kugwedezeka, nyimbo inkabwerera m'malo mwake.

M'moyo mwawo monse anapeka nyimbo imodzi yokha, ndipo anaipeka atakula kale, imvi zitayamba. Inali nyimbo ya maliro. Mzere woyamba unkati, "Dengu ndatula, yezani Ambuye." Mukautchula bwinobwino mumva nokha kuti ukuyenda patatupatatu: de-ngu-nda, tu-la-ye, za-ni-A, kenako mbu-ye, "ye" womalizayo n'kukhala mabiti awiri, osapitirira. Ankati atatuwo anawatenga pa sikelo pomwe: ukoleke, udikire, uwerenge. Zaka zonse zija dzanja lawo linkachita zimenezo, ndipo ankafuna kuti pokaonekera kwa Mulungu akafike momwemo, ngati munthu wotopa amene waima pa mzere ndi dengu lake. Za mabiti anayi ankati ndi za asilikali, ndipo iwo kumwamba sakapita akuguba.

Ine ndinkawaseka. Ndinkati ababa, biti imodzi yokha n'chiyani, mukuvutitsiranji anthu otopa? Tsiku lina anandiyankha, ndipo sindinawasekenso. Tinali pakhonde, chiperoni chitaphimba phiri lonse, iwo atafunda jekete lawo la ku ntchito.

"Nyumba ino ndi ya kampani," anatero. "Munda ndi wa amayi ako. Iweyo ndi abale ako ndinu a kwa amalume anu. Ine changa ndi chiti? Changa ndi nyimbo imeneyi. Ndiye muzindiwonjezeramo zanu?"

Sananame. Kwathu kuno mwamuna amabereka ana a eni ake, amalima munda wa eni ake, ndipo akamwalira abale ake amabwera kudzatenga mtembo kupita nawo kwawo. Ababa anachoka kwawo, mbali za ku Milonde, ali wachinyamata, ndipo ankangopitako pa maliro ndi pa maukwati. Koma ankadziwa kuti n'komwe akagone.

Matenda atawagwira, anayamba ndi kutupa miyendo, kenako mpweya kuchepa. Ku chipatala anatipatsa mapilitsi ndi mawu okoma. Atalephera kuyenda mpaka ku tchalitchi, anaitanitsa kwaya kunyumba, ndipo anthu ankaima pabwalo pathu pakati pa zingwe zoyanikapo zovala, iwo ali pa mpando pakhonde, akuphunzitsa nyimbo ya maliro awo omwe. Amayi zinkawanyansa. Ankati kumeneko ndi kudziitanira imfa, n'kulowa m'nyumba, chitseko phwa. Anansi ankasuzumira pa mawindo. Koma nyimboyo inapsa, anthuni. Sindinamvepo kwaya yathu ikuimba chinthu mwaukhondo chonchija. Dzanja la ababa linali litayamba kunjenjemera, ndiye amene ankatsogolera anali wachiwiri wawo, bambo wina woyendetsa thirakitala, wa besi yokoma, munthu wabwino mtima koma wofewa ngati phala la mwana. Ababa ankangomvetsera atatsinzina, chala chikugunda pa bondo.

Sanawakhulupirire bamboyo, ndiye anagwira ine. Anandiuza kuti za bokosi, za nkhata, za zakudya, anthu achite zomwe afuna, iwo sizikuwakhudza. Chimodzi chokha: nyimbo yawo iimbidwe anthu ataima, kaya pakhomo, kaya pamanda, koma asayende nayo. Anandibwerezetsa ngati mwana wa sitandade wani. Ndinalonjeza, ndipo ndinkaona ngati ndalonjeza chinthu chaching'ono.

Anamwalira m'nyengo ya mvula, tiyi atachuluka m'minda. Kampani inatibwereka lole, ndipo akuluakulu a ntchito analola anthu a kwaya kuti atiperekeze, zomwe pa nyengo imeneyo si zapafupi. Tinakwera tonse pamodzi ndi bokosi, tikugwirana m'mabampu, mpaka kumudzi kwa ababa.

Kumeneko mwini zonse anali mng'ono wawo wa ababa, amene ife timawatchula kuti ababa aang'ono. Ndi mkulu wa mpingo wa kumudziko, munthu wokonda dongosolo ndi mawu ake omwe. Titangofika ndinatuma wachiwiri wa ababa uja kuti akawauze za nyimboyo, poti ine mwana wamkazi malo anga anali m'nyumba ya siwa, pambali pa amayi ndi azakhali. Anabwerera akumwetulira, nati zatheka, atipatsa mpata mwambo wa pakhomo ukamatha. Mtima wanga unakhala pansi.

Mawa lake mwambo unayamba mochedwa. Mpingo wa kumudziko unali ndi makwaya ake, ya amayi, ya achinyamata, ina ya ku nthambi, ndipo iliyonse inayenera kumveka poti maliro anali awo. Kenako zolankhula. Analankhula wa kuchimuna, wa kuchikazi, woimira kampani, woimira mpingo wa uku, woimira mpingo wa uko, ndi bambo wina amene mpaka lero sindidziwa kuti ankaimira ndani. Onsewo ankatamanda ababa kuti anali munthu wa nyimbo. Munthu wa nyimbo, munthu wa nyimbo, uku nthawi ya nyimbo yakeyo akuidya ndi pakamwa pawo. Mlaliki atayamba, kumwamba kunali kutada kale cha ku phiri, ndipo adzukulu anatumiza uthenga kuchokera kumanda kuti tikachedwa dzenje lidzaza madzi.

Mtsikana wina wa aluto anakwawa mpaka pomwe ndinakhala n'kundinong'oneza kuti zasintha. Ababa aang'ono alamula kuti kwaya ya alendo iimbe nyimbo yake m'njira, popita kumanda, kuti nthawi isatayike.

Ndinadzuka. Namfedwa sadzuka pakati pa mwambo kupita kumene kwakhala amuna, ndikudziwa, ndipo maso onse anali pa ine, koma ndinapita. Ndinagwada pambali pa mpando wa ababa aang'ono n'kuwafotokozera mwaulemu wonse womwe ndinali nawo. Ndinati nyimboyi siitenga nthawi, ndi mavesi atatu okha. Ndinati ngati pakhomo pavuta, tiimbe pamanda bokosi lisanatsike. Anati pamanda pali kale nyimbo za mpingo, za m'buku, ndipo sangasinthe mwambo wa tchalitchi chifukwa cha nyimbo yopeka munthu. Ndinati ndi mawu omaliza a mkulu wanu. Ndinayesa ngakhale kuwafotokozera za mapazi, za atatu ndi anayi, ine wopusa, nditagwada m'fumbi, mphepo ya mvula ikuulutsa mapepala a mlaliki. Anandiyang'ana ngati ndayamba misala.

"Mwana wanga, nyimbo ndi nyimbo. Wakufa amawerenga?" Kenako anatsitsa mawu. "Mwamudyerera moyo wake wonse kwanuko. Lero tisiyireni ifenso timuike m'bale wathu."

Mawu amenewo anandibaya, ndipo ndikawakumbuka amandibayabe. Anthu amene sanabwere ngakhale tsiku limodzi kudzawatembenuza ababa pa mphasa, sanachapepo nsalu imodzi, lero ndiwo eni munthu. Ndinafuna kuwayankha zomwe zikanasiya mbiri m'mudzimo, koma amayi awiri a mpingo, a zovala zoyera aja, anali atandigwira kale m'khwapa n'kundibweza kumalo kwanga.

Bokosi litanyamulidwa, kwaya yathu inaikidwa patsogolo. Wachiwiri wa ababa anayesetsa, zimenezo ndisamunamizire. Ankayenda chambuyo, nkhope kwa oimba, dzanja lili m'mwamba kuti onse alione: pansi, kumbali, m'mwamba. Mzere woyamba unatuluka bwinobwino, woyera, monga pakhonde paja. Oimba athu ankayenda modzikoka, mapazi akusemphana ndi pakamwa, ngati anthu osenza ndowa zodzaza pa njira yoterera. Ndinati mwina zitheka.

Koma anthu a kwathu nyimbo sauzidwa kawiri. Pofika kumapeto kwa vesi loyamba amayi a kumudziko anali atayigwira kale, ndipo anayikonda. Analowamo ndi mtima wonse, khamu lonse lija, onyamula bokosi, amuna a kumbuyo, onse akuyenda, phazi ili, phazi ili. Ndinamumva mlendo uja akulowa. "De" anatalika. "Tu" anatalika. "Ye" womaliza anamukoka mpaka kumapeto kwa mpweya wawo. Kwaya yathu inalimbana nawo kwa mizere iwiri, nyimbo ziwiri zikukankhana m'njira imodzi, kenako ndinaona dzanja la bambo uja likusokonezeka m'mwamba, likufunafuna, mpaka analitsitsa, n'kutembenuka, n'kumayenda chakutsogolo ngati wina aliyense. Oimba athu anamasuka mapewa. Anayamba kuimba mokweza kuposa poyamba, mwachisangalalo cha munthu amene wavula nsapato yothina.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti inkakoma. Ikanakhala kuti inaonongeka n'kukhala phokoso, bwenzi wina atazindikira kuti pali cholakwika. Koma inkakoma, yolemera, yoyenda bwino, anthu akulira nayo. Kungoti sinali nyimbo ya ababa. Ababa anali m'bokosimo akupita kwa Mulungu wawo akuguba.

Dzanja langa linadzuka lokha n'kuyamba kumenya atatu m'mwamba. Ndinakuwa kuti imani, imani kaye, taimani anthu inu. Koma ndi mwana wamkazi uti amene sakuwa choncho pa njira ya kumanda? Aliyense amakana kuti bambo ake apite. Amayi a zoyera aja anandigwira mwamphamvu, wina dzanja ili, wina ili, n'kuwapanikiza m'nthiti mwanga. Wina anandimanga chitenje m'mimba kuti ndisagwe, akundisisita kumsana, akuti limba mtima mwana, ababa ako akapuma. Ankandichitira chifundo chenicheni, ndipo ndikanakhala ndi dzanja lomasuka ndikanawamenya nalo. Ndinayenda choncho mpaka kumanda, womangidwa ngati mbuzi ya pa kabaza, mapazi anga omwe akuponda m'mabiti anayi pamodzi ndi anzawo.

Pamanda mvula inatipeza. Zonse zinachitika mothamanga, nyimbo za m'buku, dothi, nkhata, anthu n'kubalalika kukabisala. Pobwerera pa lole palibe wa kwaya amene anandiyang'ana kumaso. Wachiwiri wa ababa anadzabwera kunyumba patapita masiku, chipewa chili m'manja, nati anayesetsa koma anthu anachuluka. Ndinamuuza kuti ndinaona. Ananenanso kuti kwaya ikhoza kupita tsiku lina kukaimba pamanda paja bwinobwino, itaima. Sinapiteko. Tiyi anali wambiri, lole panalibe, kenako ife tinauzidwa kuti tituluke m'nyumba ya kampani poti mwini ntchito kulibe, ndipo tinasamukira kumudzi kwa amayi. Kwaya inapeza mtsogoleri wina wachinyamata wokonda kiyibodi ndi masitepe, ndipo bolodi la ababa analisandutsa chitseko cha khola la nkhuku za abusa.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, kuti nyimboyo yakwiriridwa pamodzi ndi mwini wake, ndipo mwina zikanakhala bwino choncho. Koma tsiku la maliro lija achinyamata ena anajambula pa mafoni, ndipo inayenda. Amayi a kumudzi kuja anaitenga kupita nayo ku maliro ena, a kumeneko n'kuipititsanso kwina. Lero imaimbidwa kuyambira ku Milonde mpaka ku Muloza, ndipo ndamva kuti yaoloka ndi malire omwe. Ena awonjezeramo vesi lawo. Palibe amadziwa kuti anaipeka ndani; ukafunsa amati ndi yakalekale, ya makolo. Anthu ena amandiuza kuti ndizinyadira, kuti ababa akanasangalala. Amenewo sanawadziwe ababa.

Chaka chathachi kunali maliro a mayi wina woyandikana nafe, ndipo ndinakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi anzanga. Tinali titakhala pansi, miyendo titatambasula, palibe woyenda, palibe wogwedezeka. Wina anayambitsa nyimbo ya ababa. Ndinati pano pokha palibe chowiringula, mapazi ali phee. Ndinalowamo ndi mawu anga onse, ndikuimba monga inalembedwera, de-ngu-nda, tu-la-ye, notsi iliyonse pa mphasa yake, ndikuyembekeza kuti mwina mmodzi kapena awiri amva n'kunditsatira. Ndinkafika kumapeto kwa mzere anzanga akadali pakati. Mitu inayamba kutembenuka. Mayi wina wachitsikana amene anakhala pambali panga, woti ababa akupeka nyimboyi n'kuti iye akuyamwa, anandigunda ndi chigongono, n'kundinong'oneza mwaulemu ndithu.

"Amayi, mukuthamanga. Ngati simukuidziwa, ingomverani kaye."